Madzi Amalemera, Asuweni

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Si mwangozi ayi. Akatswiri a ku France atakhala pansi m'chaka cha 1795 kuti akhazikitse miyezo yatsopano, anatenga madzi kukhala poyambira, ndiye mpaka lero lita ndi kilo zimayendera limodzi. Ambiri a ife samu imeneyi tinaidziwira pakhosi tisanaione pa bolodi. Chigubu cha malita 20 ndi makilo 20, ndipo ukafika nacho pachitunda chimakhala ngati wina wawonjezeramo mchenga. Koma munthu akakhala zaka zingapo kumalo kumene madzi amabwera okha, khosi limaiwala. Msuweni wanga khosi lake linaiwala.

Iye ndi akazi ake amakhala kumpoto kwa Scotland, kudera lamapiri lija amati Highlands. Msuweni amagwira ntchito kukhitchini ya hotela, alamu amayendera anthu okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala. Nyumba za lendi kumeneko n'zosowa, zambiri eni ake amabwereketsa kwa alendo odzaona malo, ndipo alendowo anachulukirachulukira chiyambire 2015 pamene msewu wa North Coast 500 unayamba kutsatsidwa, mamailosi 516 kuchoka ku Inverness kuzungulira gombe n'kubwereranso. Ndiye awiriwa anagula motorhome, galimoto yokhala ndi bedi, kakhitchini ndi kabafa mkati. Musaganize zikuluzikulu zija zimabwera ku Cape Maclear ndi azungu opuma pantchito. Yawoyi ndi Fiat Ducato yonyamula katundu imene mwini wake woyamba anaikonza yekha. Mlimi wina anawalola kuimika kuseri kwa khola lakale la nkhosa. Magetsi alipo. Mpope palibe. Ndalama imene ikanapita ku lendi ikukweza khoma la nyumba yawo ku Lunzu.

Vuto linali thanki. Ndi ya malita 60, pansi pa mpando. Mpope umene analoledwa kutungapo uli kuhotela, mamailosi 11 kuchokera pamene amagona. Ndiye tsiku lililonse kapena lachiwiri, munthu waweruka 10 koloko usiku, ayambe kulongedza mbale m'makabati, kuzula waya wamagetsi, kuliza nyumba yonse kupita nayo kumadzi. Alamu amadzuka 5 koloko, ndipo ntchito yawo sungapite osasamba, sungabwerenso n'kugona osasamba.

Uthenga unandipeza pa WhatsApp, wa mawu, mphindi zinayi zathunthu. "Asuweni, inu munaphunzira uinjiniya. Ndapeza thanki ya malita 200 pa Facebook, yotchipa zedi. Ikulowa bwinobwino kumbuyo, pansi pa bedi. Mungondiuza kabowo ndiboole pati." Kwathu ukangovala gauni ndiye kuti umadziwa chilichonse, kuyambira foni yothira m'madzi mpaka mlandu wa malo. Koma ulendo uno funso linagwera pamalo ake, ndipo yankho langa loyamba silinali la kabowo. Ndinati atsegule boneti andijambulire kachitsulo kamene kanakhomedwa kutsogolo, kolembedwa manambala anayi.

Kachitsulo kameneka ndiye mfumu ya nkhani yonse. Nambala yoyamba ndi kulemera konse kumene galimotoyo ikuloledwa kufika ili pamsewu, kuphatikiza anthu, dizilo, mapoto, chilichonse. Yachiwiri ndi ya pamene ikukoka ngolo. Ziwiri zomalizazo zimanena zimene matayala akutsogolo ndi akumbuyo angasenze paokhapaokha. Pa galimoto yake panalembedwa 3,500, ndiye 1,850 kutsogolo, 2,000 kumbuyo. Nambala ya 3,500 imapezeka pa ma motorhome ambiri ku Britain pa chifukwa cha laisensi: amene anakhoza mayeso oyendetsa galimoto yaing'ono kuyambira pa 1 January 1997 saloledwa kuyendetsa ya dizilo kapena petulo yoposa makilo 3,500. Kuti ufike pa 7,500 pamafunika laisensi ina ya C1, ndi mayeso ake, ndi kuyezedwa ndi dokotala. Ndiye opanga ndi okonza magalimotowa amapanikizira nyumba yonse pansi pa nambala imeneyi, ndipo kampata kotsalira mwini wake kamakhala kochepa kuposa mmene amaganizira.

Kampatako sikadziwika ndi maso. Ndinawatumiza kusikelo ya magalimoto, ngati ija amayezera malole ku Balaka, onse awiri ali mkati, dizilo wodzaza, thanki yodzaza, katundu yense mmene amakhalira. Kapepala kanatuluka ndi 3,380. Kutsogolo 1,460, kumbuyo 1,920. Ndiye kuti galimoto yonse inatsala ndi makilo 120, koma matayala akumbuyo anatsala ndi 80 basi.

Malita 200 pa mpata wa makilo 120, samu yake ngakhale mwana wa sitandade 4 aikana. Koma choopsa kwambiri chinali malo amene iye anasankha. Pansi pa bedi paja ndi kuseri kwa matayala akumbuyo, pafupifupi mita imodzi. Amene anaonapo wanjinga atasanja matumba a makala pakaliyala mpaka kutulukira kumbuyo akudziwa zimene zimachitika pachitunda: tayala lakutsogolo limayamba kuyandama, chiwongolero chimasiya kumvera. Galimoto nayonso chimodzimodzi. Pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo a Ducato yaitali pali mamita anayi ndi pang'ono. Ukaika makilo 200 mita imodzi kuseri, matayala akumbuyo samva 200, amamva pafupifupi 250, ndipo 50 inayo yachotsedwa kutsogolo. Kutsogolo kumeneko n'kumene kuli chiwongolero, ndipo pa Ducato ndi matayala omwewo amene amakoka galimoto. Kumbuyo kukanafika 2,170 pamalo pa 2,000, kutsogolo kukanapepuka, pa misewu yopapatiza, yonyowa, imene m'mawa wa dzinja imaterera ngati therere.

Ndinamuuzanso za chindapusa, chimene chimayambira pa £100 kufika £300 malinga ndi mmene wapyolera, ndipo ukapyola kwambiri nkhani imapita kukhoti. Galimoto amatha kuiletsa kuchoka pamalopo mpaka utatsitsa katundu. Ngozi itachitika, a inshuwalansi apezerapo pothawira. Munthu wokhala m'dziko la eni pa chiphaso cha ntchito sasewera ndi khoti, iye akudziwa bwino kuposa ine. Anakhala chete masiku awiri. Kenako: "Ndiye asuweni, digiri yonseyo mwangophunzira kukana basi?"

Pali chinanso chimene thanki ija inalibe. Inali chibokosi chopanda kanthu mkati. Thanki yopangira galimoto imakhala ndi timakoma mkati mwake, tokhala ndi mabowo, kuti madzi asathamange onse pamodzi kuchoka mbali ina kupita ina. Ikakhala yodzaza palibe vuto, ikakhala yopanda kanthu palibenso vuto. Ikafika theka ndi pamene makilo 100 amasanduka chinyama chomenya khoma nthawi iliyonse ukaponda buleki kapena kukhota. Oyendetsa mathanka a mafuta amaopa theka kuposa yodzaza. Ndinaseka ndekha nditakumbukira kuti azimayi kumudzi anathana nalo kalekale vuto limeneli: ndowa ikadzaza pachitsime amathyola masamba n'kuika pamwamba pa madzi kuti asakhavukire m'njira. Masamba aja ndi timakoma timeneti, kungoti sagulitsidwa mu sitolo.

Apa ndi pamene tinayamba kukangana zenizeni, chifukwa ndinasiya kufunsa kuti thanki ikhale yaikulu bwanji, n'kufunsa kuti madziwo amapita kuti. Tinawerenga tsiku limodzi la anthu awiri. Akumwa ndi tiyi, malita 6. Nsima ndi ndiwo, 4. Kutsuka mbale, 8. Kuchimbudzi, 3. Zonsezi pamodzi ndi 21. Tsono shawa: pampu yawo imatulutsa pafupifupi malita 7 pa mphindi, ndiye mphindi zisanu ndi malita 35 munthu mmodzi. Anthu awiri, 70. Thanki ya malita 60 imathera m'bafa anthu asanamalize kusamba. Ngakhale ya 200 ija ikanawonjezera masiku awiri okha.

Ine ndinati yankho lake tonse tinakulira nalo: ndowa ndi kapu, malita 10, munthu wayera. Nthawi imene ndimalemba zimenezi inali cha m'ma 2 koloko usiku, ndili pakhonde kuno ku Machinjiri ndi zigubu zinayi pamzere, chifukwa kwathu kuno mpope ukauma masiku angapo umakonda kubwerera anthu atagona. Kwa ine ndowa si chilango, ndi Lachiwiri wamba. Koma yankho lake linabwera lopanda nthabwala. "Asuweni, sindinawoloke nyanja kudzasamba m'ndowa. Mlamu wanu amasambitsa anthu tsiku lonse. Akafika kunyumba asambe ngati munthu."

Mawu amenewa ali ndi kulemera kwakenso, ndipo manambala ali kumbali yake. Ku England munthu mmodzi amagwiritsa ntchito pafupifupi malita 140 patsiku. Mzinda wa Cape Town utatsala pang'ono kuuma mu 2018, boma la mzindawo linalamula malita 50 pa munthu, ndipo dziko lonse lapansi linaona ngati tsoka lalikulu. Bungwe la WHO limatenga malita 20 ngati poyambira penipeni, ongokwanira kumwa, kuphika ndi kusamba m'manja. Pulani yanga ya ndowa inali kuwaika pa malita pafupifupi 20 aliyense. Ife amene tinazolowera kupirira timafulumira kugawira ena kupirira kwathu ngati ndi nzeru, pamene nthawi zina ndi kusowa chabe. Komabe kachitsulo kaja sikamva zimenezo. Kamangodziwa 3,500.

Chimene chinamasula mfundo chinachokera kwa alamu, amene nthawi yonseyi ankangomvetsera. Anafunsa kuti, "Kodi alamu, malire akulemerawo ndi a galimoto ikamayenda, kapena ngakhale itaima?" Ndi apamsewu. Galimoto yoima kuseri kwa khola palibe amene adzaiyeze. Ndipo nyumba yawoyo, kupatula maulendo otunga madzi omwewo, imayenda mwina kawiri pamwezi. Ndiye kuti pali madzi amitundu iwiri: oyenda ndi galimoto, ndi ongokhala pakhomo. Oyambawo ali ndi malire olembedwa pachitsulo. Achiwiriwo malire ake ndi msana wa wotunga. Alamu ali ndi kagalimoto kakang'ono koyendera odwala awo, ndipo njira yawo yobwerera imadutsa pahotela paja tsiku lililonse.

Anthu a makaravani ku Britain anazindikira zimenezi kale. Ali ndi kamgolo ka malita 40 kotchedwa Aquaroll, kamene umakakunkhuniza pansi ndi chogwirira kuchoka kumpope. Ku South Africa mu 1991 anapanga chofanana nacho, Hippo Roller, cha malita 90, kuti azimayi akumidzi asamasenze pamutu. Nzeru imodzi, kwina ya tchuthi, kwina ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Mamailosi 11 sungakunkhunize mgolo, ndiye iwo anagula zigubu ziwiri za malita 20, ndi kapampu kakang'ono ka 12V koviika m'chigubu kuti madzi akwere okha kulowa m'thanki.

Thanki yowonjezera inagulidwabe, koma ya malita 70, yaphanthiphanthi, ya pulasitiki yosungira zakumwa, yokhala ndi timakoma tija, yomangirira kunsi kwa galimoto pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Pamenepo kulemera kumagawanika, ndipo kuli pansi, kumene sikupendeketsa galimoto pokhota. Madzi, thanki ndi zitsulo zomangira, zonse pamodzi makilo 85. Ndinaumirira kuti malamba achitsulo amangidwe ndi mabawuti pa zitsulo zolimba za galimoto, osati timasukuluwu pa lata, komanso kuti italikirane ndi paipi ya utsi ndipo isalendewere kupitirira zina zonse za kunsi, chifukwa msewu wa kufamu uli ndi miyala yake.

Funso lotsatira linali lolumikiza mathanki awiriwo. Maganizo oyamba a aliyense ndi kuika paipi imodzi kuchoka pansi pa iyi kupita pansi pa inayo. Zimatheka ngati onse ali pa msinkhu umodzi. Koma yakale ili mkati, pamwamba, yatsopano ili kunsi. Madzi amafunafuna potsika. Yapamwamba ikanatsanulira onse mu yapansi, yapansi ikadzaza n'kumatayira pamsewu kudzera pa kapaipi kopumira. Ndiye tinawasiya osalumikizana, n'kuika kampope kosankhira pampu isanafike: ukatembenuzira uku ikukoka mkati, ukatembenuzira uko ikukoka kunsi. Kapaipi kopumira kaja musakapeputse. Thanki iliyonse imafuna kake. Popanda iko, pothira madzi amakulavulira kumaso, ndipo pampu ikamakoka thanki imafwamphira mkati. N'chimodzimodzi chigubu chimene chimachita gubudu gubudu pothira mpaka utatsegula kachivindikiro kakang'ono kakumbuyo.

Kuti mpata upezeke, china chinayenera kutsika. Pansi pa bedi panali masutikesi awiri a zovala zimene akhala akusonkhanitsira abale kumudzi, makilo 40, zikudikira munthu wopita ku Malawi. Zinasamukira m'khola la nkhosa. Panalinso matumba awiri a ufa ogula ku Glasgow. Nditangotchula ufawo foni inaduka, ndipo sindikhulupirira kuti inali netiweki. Ufa unatsala. Atabwerera kusikelo, mathanki onse odzaza, kapepala kanati 3,420.

Ku bafa anagwirizana pakati. Shawa inatsala, koma anasintha kamutu kake n'kuika kokhala ndi chofinya, kotuluka madzi pokhapokha ukagwira. Kunyowetsa thupi, kusiya, kupaka sopo, kutsukuluza. Malita 12, otentha, ochokera pamwamba. Msuweni akuti imeneyi ndi ndowa yovala suti. Tsiku lawo linatsika kuchoka pa malita 90 kufika cha m'ma 45 kapena 50, ndipo 40 mwa amenewo amabwera ndi alamu madzulo aliwonse. Nyumba inasiya kupita kumadzi.

Thanki yaikulu ili ndi vuto linanso limene wogulitsa sanena. Madzi okhalitsa amafa. Mankhwala a klorini amene amabwera ndi madzi a kumpope amatha pakapita masiku, ndipo makoma a thanki amayamba kuterera mkati ngati mtsuko wosatsukidwa. Tizilombo totchedwa Legionella timaswana bwino m'madzi ofunda, pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timalowa m'mapapo kudzera mu nthunzi ya shawa n'kuyambitsa chibayo choopsa. Thanki ya pansi pa mpando, pafupi ndi chotenthetsera, imafika msanga pa madigiri 20. Kwa munthu amene m'mawa uliwonse amakagwira agogo a zaka 90, ukhondo wa madzi osamba si nkhani yaing'ono. Thanki yabwino ndi imene madzi ake amatha n'kulowa ena pasanathe masiku ochepa. Ndipo ija ya pa Facebook, palibe amene akanalumbira kuti kale munali chiyani. Amene anamwapo madzi a m'diramu lomwe kale munali mafuta akudziwa kuti fungo lija silisamuka.

Kenako dzinja. Madzi akaundana amatupa ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo choyamba kusweka si thanki koma mapaipi, zolumikizira ndi pampu. Kudera lawo lomwelo, ku Altnaharra, pa 30 December 1995 kunazizira kufika madigiri 27.2 pansi pa ziro, kuzizira kumene sikunapyoledwepo m'mbiri ya miyezo ku Britain. Si chaka chilichonse chimafika pamenepo, koma thanki yakunsi ili panja, mphepo ikuomba mbali zonse. Anaikuta ndi zofunda zake, anamata kachotenthetsera kamagetsi pansi pake, koma tinagwirizana kuti akamva kuti usiku kuzizira kwambiri aitsegule madzi atuluke onse. Ndiye kuti miyezi imene kutunga madzi kumawawa kwambiri ndi yomweyo imene malita 70 atsopanowo sadalirika. Yamkati ndi zigubu, zogona pansi pa tebulo pafupi ndi miyendo ya anthu, ndizo zimagwira ntchito chaka chonse.

Chimene sitinachithetse bwino ndi kumapeto kwa paipi. Madzi ukasamba sachoka m'galimoto, amangosamukira mu thanki ina ya madzi akuda, ndi kulemera kwawo konse. Yawoyo ndi ya malita 40, ndiye imadzaza tsiku lililonse. Ena amangotsegula kampope usiku madzi n'kumayenderera m'ngalande, ndipo ichi n'chimodzi mwa zinthu zimene eni dera la North Coast 500 akhala akudandaula nazo za anthu a ma motorhome. Malo otayira ovomerezeka ambiri ali m'makampu a alendo, olipira, ndipo ambiri amatseka nthawi yozizira. Msuweni ananena yekha, ine ndisanatsegule pakamwa: "Mlendo wa sabata imodzi akataya, mawa wapita. Ife m'mudzi uno anthu akuda tilipo awiri. Sipafunika kufufuza." Ndiye kagalimoto ka alamu kamanyamula mbali zonse ziwiri. M'mawa zimapita zigubu zakuda, zokatsanulidwa mu dzenje la zonyansa la kuhotela kumene anapempha chilolezo, madzulo zimabwera zoyera. Anazilemba ndi penti kuti tsiku lina munthu atatopa asadzasokoneze.

Kwatsala chimbudzi. Kabokosi kake kochotseka ndi ka malita 17 kapena 18, ndipo kwa anthu awiri kamadzaza masiku atatu alionse, thanki ya madzi ikule bwanji. Kameneka sikakwera kagalimoto ka alamu, anakana poyera, ndipo ine ndili kumbali yawo. Sabata yatha kwabwera uthenga wina wa mawu, mphindi zisanu ndi imodzi. Akuti waona munthu akugulitsa kabokosi kachiwiri kosinthira, ndipo pansi pa bedi paja, pamene panali masutikesi, pali malo. Kodzaza kamalemera makilo 20, kuseri kwa matayala ndi 25. Ndamuuza kuti n'zotheka, bola chivindikiro chake akachiyese ndi madzi wamba kaye asanakagoneke pafupi ndi ufa.